Nsengwa ya Mbuzi

Anthu amati mlamu wanga Venâncio ndi munthu wamkulu. Sindikutsutsa. Dzina lake linakwera ndege n'kukafika kumayiko kumene ife sitidzapondako, ndipo akuti kumeneko kuli akazi ambiri amene akubereka ana kumsana chifukwa cha nzeru zake. Zikomo kwambiri. Koma mukafuna kumutamanda, kamutamandireni kutali ndi ine, chifukwa manja angawa anakumba timanda tiwiri kudambo la ku Molumbo, timanda timene sitinayenera kukumbidwa.

Tinabadwa atatu, akazi okhaokha: Fernanda, ine Rosália, ndi chitsirizira wathu Isaura. Venâncio anakwatira Fernanda n'kupita naye ku Maputo. Anali dotolo wa ziweto, koma osati aja ongobaya ng'ombe n'kumapita. Iye ankafuna kudziwa chifukwa chake mbuzi zimapoloza, komanso chifukwa chake akazi a m'midzi yoweta mbuzi amapita padera kawirikawiri. Kwathu mavuto onse awiriwo analipo odzaza dengu, ndiye anabwera.

Anafika nkhondo isanatiyandikire, atanyamula bokosi la timabotolo. Isaura anali atangotaya mimba yake yoyamba, ndipo anapereka mkono wake osafunsa n'komwe kuti magaziwo akupita kuti. Venâncio ankatenga magazi a mbuzi m'mawa, a akazi masana, ndipo mafunso ankafunsa kudzera mwa namwino wina amene anabwera naye. Limodzi mwa mafunsowo linatiseketsa: mbuzi ikaswa, amatola ndani nsengwa, zija zotuluka pambuyo pa mwana?

Yankho lake ngakhale mwana ankalidziwa. Kwathu za uchembere ndi za akazi, kaya ndi za munthu, kaya ndi za chiweto. Mbuzi ikaswa, mwamuna sayandikira khola. Mkazi wa pakhomopo ndiye amathamangira kukatola nsengwa mbuziyo isanadye, poti ikadya akuti mkaka umauma, n'kukaikwirira kuseri kwa khola. Ikapoloza, kamwana kakufako amakwiriranso mkazi yemweyo, ndi manja ake. Mwamuna akagwira zimenezo akuti amatupa miyendo. Ndani anaonapo mwamuna wotupa miyendo chifukwa cha mbuzi, ine sindikudziwa, poti panalibe anayesapo.

Tsono mlamu wangayu, ngakhale anaphunzira mpaka mutu kudzaza, anali mwana wa ku Milange konkuno, wolangidwa bwino. Apongozi ake, amene ndi amayi athu, ankawaopa ngati mfuti. Munthu woti amalowetsa dzanja mpaka m'phewa m'mimba mwa ng'ombe, koma akaona amayi akuchokera kuchitsime ankalumphira m'munda wa chinangwa, nsapato zake za ku Maputo n'kudzaza dothi. Ife alamu ake tinkamuseka mpaka kugwira nthiti. Amayi ankanyadira. Ankati Fernanda anatola mwamuna waulemu, osati zinazi zongoti pakamwa yasa.

Atapita ndi timabotolo take, panadutsa mvula ziwiri. Anabweranso kamodzi kokha, yekha, pa galimoto yoperekezedwa ndi asilikali, chifukwa msewu unali utayamba kudya anthu. Anati sagona, abwerera tsiku lomwelo. Mlembi wa mudzi anaimba chitsulo, tonse tinasonkhana pansi pa mtengo wa mango, amuna mbali iyi, akazi mbali iyo. Amayi, monga apongozi a mlendo wolemekezeka, anawakhazika patsogolo penipeni pa mphasa yatsopano.

Venâncio anaimirira. Anayang'ana mbali ya akazi, maso ake n'kugwera pa amayi. Ndinamuona akumeza malovu. Anapukuta thukuta, anakhosomola, kenako anawerama n'kunong'oneza mlembi uja. Mlembi anadzuka n'kunena kuti, "Amayi onse ayambe apita kukaphika. Nkhaniyi ndi ya ziweto."

Tinapita. Tinamuphera nkhuku, ine ndinasosola ndekha, Isaura anasinja nsinjiro zothira m'masamba. Anadya, anatisiyira mchere ndi sopo, galimoto inaliza injini, basi. Madzulo ake ndinafunsa Julião, mwamuna wa Isaura, amene anali pamsonkhanopo.

"Alamu, anati chiyani a dotolo?"

"Za mbuzi basi," anatero, maso ali pa mpini umene ankasema. "Akuti tizisesa m'khola."

Tinasesa. Khola la Isaura linkawala kuposa nyumba za anthu ena. Chaka chotsatira mbuzi yake inapoloza iye ali ndi mimba ya miyezi isanu, iye anatola zonse n'kukakwirira monga mkazi wolangidwa, ndipo mwezi usanathe anagwidwa ndi malungo, mimba n'kuchoka. Nthayo sailira maliro, amuna sapitako. Tinapita akazi okhaokha kudambo, ine ndinakumba. Chaka china zinabwerezanso chimodzimodzi, ndipo ndinakumbanso pambali pa kamanda koyamba kaja.

Apo m'pamene amayi akuluakulu a m'mudzi anamukhazika Isaura m'nyumba n'kumupanikiza. Ankati atchule mwamuna amene anagona naye kutchire. Ankati mwina anathira mchere m'ndiwo pa nthawi yosayenera. Mwana wa anthu ankangolira, alibe dzina loti atchule. Ine ndinakalipa mpaka anandithamangitsa m'nyumbamo, n'kumati mwina mfiti yake ndi ineyo, poti mwamuna wanga anamwalira ndisanabereke. Julião tsiku limenelo anakhala pakhonde, akusema mpini wina. Munthu ameneyo anasema mipini yokwanira boma lonse la Milange.

Kenako nkhondo inafika pakhomo. Sindikufuna kunena zambiri za anyamata a mfuti aja. Anatentha nkhokwe, anatenga amuna kukawasenzetsa katundu, mbuzi anadya. Zathu zinatsala ziwiri chifukwa zinali kuthengo tsikulo. Tinathawa wapansi, amayi titawakweza pa njinga yopanda mpweya, mpaka tinafika kufupi ndi malire, m'tsinde mwa phiri la Tumbine. Ambiri anawolokera ku Malawi. Ife sitinawoloke, chifukwa tinamva kuti kutsidyako mbuzi sangatilole kulowa nazo, ndipo Julião anati iye sasiya chuma chake. Tinamanga zisakasa m'thengo pamodzi ndi mabanja ena angapo. Akazi tinkawoloka mtsinje m'mawa kukagulitsa nkhuni ku Muloza, masana n'kubwerera ndi ufa kapena mchere.

Kumeneko Isaura anaimanso, kachinayi. Sanasangalale. Ankayenda pang'onopang'ono ngati wasenza mtsuko wodzaza, ndipo mwana akagunda m'mimba sankauza munthu, kuopa kumuzolowera. Tsiku lina tikutsuka mbale anandiuza, ponditchula mana monga timaitanira achemwali kwathu, kuti, "Mana, uyu akapitanso, musadzakumbe kamanda kakang'ono. Mudzakumbe aakulu, tidzalowe tonse." Ndinamukalipira kuti asiye zopusa, koma mawuwo sanandichoke m'mutu.

Mimba itafika miyezi isanu ndi umodzi, miyendo yake inatupa, moti mtsinje sakanatha kuwoloka. Ndinati ndipita ine kusikelo ya ku Muloza ndikamufunsire mankhwala. M'mawa umenewo mbuzi yathu yofiira, imene inali ndi bere losakhwima, inali itakana kudya, ikungogona n'kudzuka, kumbuyo kukutuluka timagazi.

"Imeneyi ipoloza," anatero amayi, amene maso anali atayamba kuchita khungu koma makutu ali akuthwa. "Ndikuimva kulira kwake."

"Pitani, mana," anatero Isaura. "Ikapoloza ndikwirira ndekha."

Ndinapita, mtolo wa nkhuni uli pamutu, mtima uli m'malo. Kusikeloko ndinapeza amayi oyembekezera atakhala pansi pakhonde, ambiri a iwo othawa nkhondo ngati ife. Namwino wa ku Malawi, mayi wonenepa wa mawu okoma, ankaphunzitsa asanayambe kuyeza. Ananyamula chithunzi chojambulidwa pa nsalu: mayi wamimba atagwada pafupi ndi mbuzi, pamanja pake atadulapo mzere wofiira.

"Amayi, tamverani," anatero. "Muli kachilombo kamene kamapolozetsa mbuzi. Kamakhala mu nsengwa, m'madzi ake, ndi pa kamwana kakufako. Mayi woyembekezera akagwira zimenezo, kachilomboko kamalowa mwa iye n'kukapha mwana m'mimba. Ndiye ngati muli ndi pakati, mbuzi ikaswa kapena ikapoloza, musayandikire. Agwire wina. Agwire bambo, akwirire mozama, asambe ndi sopo."

Amayi a pakhondepo anaseka atamva za bambo. Ine sindinaseke.

"Ndipo musaganize kuti ndi nzeru za azungu izi," anapitiriza namwinoyo. "Anazitulukira ndi munthu wa kwanu konko. Dotolo Venâncio. Anayeza magazi a mbuzi ndi a amayi kumudzi wina ku Molumbo, n'kulemba zimene anapeza. Pano zikuphunzitsidwa m'mayiko ambiri. Ife anatiphunzitsa kumsonkhano ku Blantyre. Muziwanyadira anthu anu."

Wina anayamba kuomba m'manja, ena n'kutsatira. Ine ndinaimirira.

"Anazidziwa liti zimenezi?"

"Aa, papita zaka, mayi. Zisanafike kwa ife zinayamba zazungulira kunja."

Nkhuni ndinazisiya pomwepo. Mankhwala a miyendo sindinafunsenso. Ndinakwinya chitenje n'kuyamba kuthamanga, ndipo anthu a pamsika ankandipatukira poganiza kuti kwagwa mfuti.

Ndikuthamanga choncho, ndinkamutukwana Venâncio mokweza, njira yonse. Magazi a mng'ono wanga anakwera ndege, anakalankhula Chipwitikizi ndi Chingerezi, anakapulumutsa akazi amene sitikuwadziwa n'komwe mayina. Koma kuchoka pansi pa mango paja kufika pamene ife tinkasosola nkhuku, mtunda woti ukaitana mwana amamva, mawuwo analephera kuyenda. Chifukwa chiyani? Chifukwa mkamwini sangatchule nsengwa apongozi ali pomwepo. Akuluakulu anati manyazi anapha lambe, koma apa lambe ali moyo, akudya bwino ku Maputo. Anafa ndi ana a Isaura. Ndipo ndili pakati pa mtsinje, madzi ali m'chiuno, ndinakumbukira maso a Julião ali pa mpini, ndi mawu ake aja akuti tizisesa m'khola. Mkwiyo umene unandigwira pamenepo ndi umene unandikweza chitunda cha kutsidya osapuma.

Nditatulukira pa zisakasa zathu, ndinaona zonse nthawi imodzi. Mbuzi yofiira inali itaima, miyendo ikunjenjemera. Pansi panali kamwana kopanda ubweya ndi nsengwa yake. Isaura anali atatsamira khasu, akugwada movutikira ndi mimba yakeyo, tsamba la nthochi lili m'dzanja lina. Amayi anali pamphasa. Julião anakhala pamwala chapatali, atafulatira, akumata chubu cha njinga.

"Usagwire!"

Isaura anaima, dzanja lili m'malere. Ndinamukoka paphewa mwamphamvu moti anakhala pansi. Ndinamugwira manja onse awiri n'kuwatembenuza. Anali ouma.

"Mana, mwapenga?"

Ndinamusiya pomwepo. Ndinapita pamene panali Julião n'kuima kutsogolo kwake, madzi akudontha m'chitenje.

"Alamu, tsiku lija anatithamangitsa kuti tikaphike, a dotolo anakuuzani chiyani?"

"Ndi kale limenelo, alamu."

"Anakuuzani za nsengwa?"

"Rosália," anatero amayi ali pamphasa, "pali mkamwini pamenepo. Sunga pakamwa pako."

"Ayi, amayi. Pakamwa posungidwa m'pamene patipha." Ndinakweza mawu kuti a m'zisakasa zina amve, ndipo anayambadi kutuluka. "Nsengwa. Magazi. Mimba. Ndatchula, apongozi ali apa, mkamwini ali apa. Kodi kumwamba kwagwa? Alamu, ndikufunsa. Anakuuzani kuti mkazi wamimba akagwira nsengwa ya mbuzi mwana amafa?"

Julião anaika chubu chake pansi.

"Anatiuza," anatero chapansipansi. "Anati tikauze akazi athu."

"Ndiye munauza?"

"Tinalipo amuna ambiri, alamu. Palibe anakanena kwake. Aliyense ankadikira kuti ayambe mnzake. Ine ndikanayamba bwanji? Nkhani za akazi zimenezo, m'nyumba ya eni, apongozi ali kuseri kwa khoma? Akanati ndaziphunzira kuti." Anameza malovu ngati mmene anachitira a dotolo aja pansi pa mango. "Komanso ndinkati mwina ndi zonena za anthu ophunzira chabe. Ndipo ndikanati iye asagwire, akanagwira ndani? Ine?"

Pamenepo ndiye panali pogona nkhani. Sanaiwale, ndipo si kuti sanamve. Anawerengera bwinobwino kuti mkazi akasiya, ntchitoyo igwera iye, anzake amuseka, mwina miyendo itupa. Anasankha miyendo yake.

Ndikanatha kukwirira ndekha. Ndinalibe mimba, ndipo manja anga anali atazolowera kale zoopsa kuposa zimenezo. Koma ndinatola khasu lija n'kuliponya pamapazi pake.

"Inde, inuyo. Dzukani."

Anayang'ana amuna anzake amene anaima patali. Onse anapeza choyang'ana pansi. Anayang'ana amayi, koma amayi anali atafunda chitenje kumutu. Pomaliza anayang'ana mkazi wake. Isaura anali atakhala pomwe ndinamugwetsera paja, manja ali pamimba, akumuyang'anitsitsa ngati munthu amene wakumana naye koyamba panjira.

Julião anadzuka. Anakumba dzenje kutali ndi zisakasa, ine nditaima pambali n'kumamuuza kuti awonjezere. Anatola kamwana kambuzi ndi nsengwa pa tsamba la nthochi, nkhope atayang'anitsa kumbali ngati wanyamula moto. Anakwirira, anapalira dothi lonse lonyowa, anakamangirira mbuzi zonse ziwiri kutsidya kwa khwawa. Ndinamupatsa kachidutswa ka sopo kamene tinkasungira mwana, ndipo anasamba mpaka m'zigongono. Ntchito yonseyo inatha madzi a pamoto asanawire. Miyendo yake ndinaiyang'anira mwezi wathunthu, ndipo sinatupe ngakhale chala chimodzi.

Madzulo a tsikulo ndinayenda chisakasa ndi chisakasa kuuza akazi zimene ndinamva ku Muloza. Ena anakhulupirira, ena anati Rosália uja wayambanso. Mayi wina wa kwathu ku Molumbo, amene anatayapo mimba ziwiri, anadzuka pomwepo. Anangolowa m'chisakasa mmene munali mwamuna wake, ndipo zimene zinamveka mmenemo sindizibwereza.

Isaura yekha ndiye sanalankhule. Sanamutukwane Julião, sanalire, sanasiye kumuphikira. Ankamuikira chakudya n'kuchokapo. Ine zinkandipweteka, ndinkafuna aphulike, amuponyere mbale, achite chilichonse. Ndikamuputa ankangoti, "Dikirani, mana." Mimba inapitirira mwezi wachisanu ndi chiwiri, umene sinafikepo n'kale lonse. Inapitirira wachisanu ndi chitatu. Mfuti zinkalira kuseri kwa phiri, ife tinkagona m'thengo n'kubwerera, mimba ili chikhalire.

Anachira mvula yoyamba itagwa, masana dzuwa likuswa mtengo, m'chisakasa chodontha. Tinamuchiritsa ine ndi amayi. Anali mwana wamkazi, wonenepa, wa tsitsi lambiri, ndipo analira mokalipa ngati ineyo, mayi ake aakulu. Amayi anamupapasa nkhope ndi zala n'kuyamba kulira mwakachetechete. Julião anamva kulirako ali panja ndipo akuti anavina yekha m'matope.

Mchombo utagwa, linafika tsiku lotuluka m'chikuta, loti bambo aone mwana wake koyamba. Julião anasamba, anavala malaya ake amodzi okha atawachapa, anabwera ndi nkhuku imene anasinthanitsa ndi pampu ya njinga. Anagwada pakhomo, mano onse ali pamtunda. Anthu a m'zisakasa zina anasonkhana, poti m'nkhondo mwana wamoyo ndi nkhani.

Isaura anatuluka ndi mwanayo n'kumuika m'manja mwa bambo wake. Julião anamulandira mosamala, anamuyang'ana, anaseka, misozi ili m'maso. Isaura anamusiya amunyamule nthawi yaitali ndithu, mpaka manja anayamba kutopa.

"Mwamumva kulemera kwake?" anafunsa.

"Ndamumva, mayi. Ndi munthu ndithu ameneyu."

"Awiri aja akanalemeranso chonchi."

Anamutenga mwanayo, anamuika kumsana, ine ndinamuthandiza kumanga chitenje. Kenako analowa m'chisakasa n'kutuluka ndi mphasa ya Julião, bulangete lake ndi kasemasema wake wosemera mipini uja, n'kuziika pamwala pamene ankakonda kukhala atafulatira.

"Mbuzi zanu zili kutsidya kwa khwawa," anatero. "Mutenge zonse ziwiri."